Bakuli Lisalire M'njira

Azakhali,

Pepani kuti ndikukutopetsani ndi mapepala ambiri chonchi, chikhalirecho maso anu ndi ovuta kale. Ndikudziwa kuti mwavundukula bakuli kufuna mapilisi awiri aja munatuma alamu ba Marjory kuti ndikuikireni. Mulibe. Muli zimene ndakhala ndikulemba kuyambira tsiku limene anandigoneka kuno, poti munati ndisaiwale mawu a adokotala, ndidzakufotokozereni zonse. Pa foni sindingathe, chifukwa ndikangomva mawu anu ndimangoti inde. Chonde werengani mpaka kumapeto musanandikwiyire.

Lolemba, 10 Febuluwale

Andipatsa bedi la pafupi ndi zenera, m'wodi ya amayi. Akuti ndi chibayo, mbali ya kumanja. Thupi latentha kufika 39. Andiika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Atenga makhololo kukayeza TB.

Adokotala ndi ba Kunda, aatali, amayankhula pang'onopang'ono. Anafunsa ngati pali mankhwala amene amadana ndi thupi langa. Ndinanena za penisilini, momwe milomo inatupira ndili wamng'ono, inu n'kundibereka mpaka ku kiliniki. Alemba ndi cholembera chofiira pamwamba pa fayilo. Akuti andipatsa ena, dzina lake azitiromayisini. Ndinawapempha andilembere kuti ndikopere bwino.

Asanandipatse anafunsa zambiri. Kodi ndinakomokapo? Mtima umathamanga wokha? Maso anachitapo chikasu? Ndikumwa mankhwala ena alionse, ngakhale a zitsamba? Anafunsanso ngati ndili ndi pakati. Ndinayang'ana pansi, ndinati ayi. Kenako anandimata mawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala la mizere ngati mapiri. Akuti mtima wanga uli bwino.

Pilisi limodzi pa tsiku, masiku asanu. Loyamba ndamwa lero.

Ndatopa. Basi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Thupi 38 ndi theka. Kupuma kukubayabe m'nthiti. Pilisi lachiwiri ndamwa m'mawa, nesi ataimirira mpaka ndameza. Dzina lawo ba sisita Chileshe. Amati, "Tsegula kamwa nione," ngati ndine mwana wa sikelo.

M'mimba munapota pang'ono ndipo ndinamva nseru. Ndinafunsa ngati ndingamwe mankhwala oyera a chilungulira aja, ngati amene mumasunga pawindo. Ba sisita anati osamwera limodzi ndi pilisi ili, pazidutsa maola awiri, komanso ndiziyamba ndafunsa. Anati nseru yochepa ndi kutsegula m'mimba pang'ono zimachitika. Koma ndiwaitane msanga ndikaona izi: mtima kugunda mothamanga kapena modumphadumpha, chizungulire chofuna kukomoka, zidzolo kapena kutupa nkhope, maso achikasu, kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha kapena kwa magazi. Ndawawerengera zimene ndalemba, ati sindinaphonye.

Bedi la kumanzere kwanga kuli ba Mwanaima a ku komboni ya George, achisilamu, amsinkhu wanu. Amuna awo ndi telala. Makolo awo anachokera ku Mangochi, ndiye atamva kuti agogo anga anali a ku Dedza anati, "Ndiye ndiwe mwana wanga, ungokhala wosapemphera bwino." Miyendo yawo ndi yotupa ndipo amatsokomola kwambiri.

Adokotala atafika pa bedi lawo, ba Mwanaima anandiloza. "Ba dokota, nipatseniko vamene mwapatsa uyu mwana. Dzulo anali ngati nkhuku yonyowa, lelo ayangana na pawindo."

Ba Kunda anaseka, anayang'ana pepala lawo la mizere ija. "Imwe amai, aya si yanu. Mtima wanu siungagwirizane nayo."

Adokotala atachoka, ba Mwanaima anandiuza kuti, "Waona? Zabwino amapatsa atsikana. Ife nkhalamba amatipatsa zokodzetsa."

Masana alamu anabwera ndi bakuli lanu lobiriwira. Chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, ndi mbatata. Ndinadziwa kuti mwaphika ndinu chifukwa nsinjiro zinali zambiri. Ndadya pang'ono, china ndagawira ba Mwanaima. Alamu akuti madzi ku Kanyama afika m'mawondo pa njira ya kwathu, iwo anadutsa atavala majombo a amuna awo, ba Blackson.

Pobweza bakuli ndinasowa choikamo. Munandiphunzitsa kuti bakuli la munthu silibwerera lopanda kanthu, chifukwa chivundikiro chimalira m'njira ndipo anthu onse amamva kuti kumene lachokera kulibe ulemu. Ndinaikamo buledi wanga wa tiyi wa m'mawa. Ndikhulupirira munamulandira.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Lero ndili ndi mphamvu yolemba. Thupi 37 ndi theka. Achotsa timapaipi ta mpweya, akuti aone ngati ndingapume ndekha. Zotsatira zabwera, TB palibe. Ndinalira pang'ono, ndinafunda kumutu kuti asandione. Pilisi lachitatu ndamwa.

Ndasamba ndekha koyamba. Pobwera ku bafa ndinapumira kawiri m'njira. Akuti magazi anganso ndi ochepa, ndiye sandithamangitsira kunyumba.

M'wodi muno tsiku limayamba ndi ndowa ya amayi okolopa, kenako kuyeza thupi, kenako kangolo ka mankhwala kamene gudumu lake limodzi limalira. Ba Mwanaima amaswali atakhala pabedi chifukwa sangathe kugwada. Ine ndikamawerenga Salimo iwo amakhala chete, iwo akamaswali ine ndimakhala chete. Sitinapangane. Amayi a mpingo wina anabwera kudzaimba, anagawa malalanje. Ba Mwanaima analandira awiri, anati, "Lalanje lilibe chipembedzo."

Ndinafunsa ba Kunda ngati ndingaleke mapilisi popeza ndayamba kupeza bwino. Mawu anatuluka aang'ono, anachita kuwerama kuti amve. Anati ayi. Akuti tizilombo tofooka ndi timene timayamba kufa, tolimba timatsala. Ukalekeza panjira, matenda angabwerere, ndipo tizilombo tingazolowere mankhwalawo osawaopanso. Anatinso mankhwala awa ndi a tizilombo totchedwa mabakiteriya basi, chimfine wamba sachiza.

Masana alamu anabwera ndi chimanga chachiwisi chophika. Ndikudya, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutsitsa mawu, akunena za inu.

"Amai chifuwa chabavuta. Bamvera kuti iwe chako chapola mwamsanga. Bakamba kuti uikemo tumapilisi tuwiri m'bakuli."

Ndinati, "Alamu, atsala awiri okhawo."

"Manje iwe si wapola? Onako, ukudya na milisi." Anaseka. "Bakuli nisiya, nizatenga mailo, pa Chinayi. Uikemo chabe mwakachetechete."

Anatenga chete wanga ngati inde, monga mmene anthu onse amachitira.

Bakuli ndalitsuka, lili m'kakabati. Azakhali, chiyambire simunandipemphepo kanthu. Mayi atamwalira munanditenga ndili ndi diresi limodzi. Nsapato zanga zoyamba munagula ndinu. Dzira likakhala limodzi mumalidula pakati, mbali ya chikasu chambiri n'kukhala yanga. Lero mwapempha tinthu tiwiri tating'ono ngati nyemba.

Chakudya chamadzulo sindinadye. Ba Mwanaima anafunsa ngati ndi nseru. Ndinati eya.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mvula yagwa chiyambire m'mawa. Thupi 37.

Ndilemba zonse mmene zachitikira, osachotsapo.

Ba sisita Chileshe atandipatsa pilisi lachinayi, wina anawaitana ku bedi la kumapeto. Anachoka asanaone m'kamwa. Ndinamwa madzi okha. Pilisi ndinalimanga pa nsonga ya chitenje. Ndinaganiza kuti la lero ndi la mawa akwana awiri, ndipo ine atatu andikwanira.

Patapita nthawi ba Mwanaima anati, "Mwana wanga, wayamba fodya?"

Ndinati ayi.

"Nanga chimene wamanga pa chitenjepo n'chiyani? Ine maso ndi okalamba koma sanafe."

Ndinafumbata nsonga ya chitenje ija. Iwo anangopitiriza kusenda lalanje lawo akundiyang'ana. Pamapeto pake ndinawauza zonse, za bakuli ndi za inu.

Sanandikalipire. Anati, "Mwambo umenewo ndikuudziwa. Mayi anga ankabweza mbale ngakhale ndi mchere wa m'dzanja. Azakhali akowo amadwala chiyani?"

Ndinati mtima, ndipo miyendo imatupa.

"Amamwa chiyani?"

Ndinafotokoza, poti ndine ndimakupatsani m'mawa uliwonse: kapilisi koyera kakang'ono ka mtima, ndi kena ka madzi kamene kamakupititsani kuchimbudzi pafupipafupi. Ba Mwanaima anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa mapaketi awo akunyumba. Ndinawerenga mayina chilembo ndi chilembo. Ndi omwewo, Azakhali. Onse awiri.

Anati, "Ndiye ine anandimana iwe ukuona, pamaso pako. Iwe ukufuna ukawapatse azakhali ako m'bakuli, popanda ndi mawaya omwe?"

Ndinakumbuka mawu a ba Kunda a Lachiwiri aja. Ndinawalemba ndekha m'mapepala ano, koma sindinaganize kuti akunenanso za inu.

Ba Mwanaima anati ndiitane nesi. Ndinati ndikuopa. Anatenga supuni n'kuyamba kugogoda kakabati mpaka wodi yonse inatembenuka. "Ba sisita, bwerani kuno, mwana wanga ali na funso koma kamwa yake ni ya ulesi."

Ba Chileshe anabwera. Ndinamasula chitenje n'kuwaonetsa. Ndinkayembekeza kuti akuwa. Anangopuma kwambiri, anakoka katani, n'kukhala pa bedi langa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

Izi ndi zimene ananena, ndawafunsa kawiri kuti ndilembe zoona.

Akuti mankhwala awa mwa anthu ena amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mwa munthu wa mtima wabwino sizichitika kawirikawiri. Koma kwa munthu wamkulu wodwala mtima, amene akumwanso mapilisi a madzi, ngozi imakula, munthu angathe kukomoka ngakhale kufa kumene. Akutinso angachititse kuti kapilisi koyera ka mtima kaja kachuluke m'magazi kupitirira muyezo. N'chifukwa chake amayamba afunsa ndi kuyeza.

Akutinso si chifuwa chilichonse chimene chili cha tizilombo. Kwa odwala mtima, nthawi zina ndi madzi amene akudzaza m'mapapo, ndipo pamenepo mapilisi anga sangathandize chilichonse. Ndinafunsa kuti nanga chanu ndi chiti. Anati, "Siningadziwe nili kuno. Bafunika kupimiwa. Babwere na mapilisi yao yonse mu pulasitiki."

Kenako anati, "Na iwe, ukaleka pa yatatu, uzabwerera pa bedi yamene iyi. Ba auntie bako bazapikira ndani chibwabwa?"

Anabweretsa madzi. Ndamwa pilisi lachinayi nthawi ya chakudya chamasana, iwo akuona, ndipo ndatsegula kamwa asanandiuze. Alemba nthawi yake pa fayilo. Akuti munthu akachedwa kumwa amwe akangokumbukira, koma asadzamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza. La mawa ndi limodzi monga mwa masiku onse.

Alamu sanabwere. Anatumiza uthenga kuti minibasi sizikulowa, madzi achuluka. Ndinayesa kukuimbirani. Foni italira kawiri ndinadula, chifukwa ndinadziwa kuti mukati "Tiwo, waika?" ndinena kuti inde.

Bakuli likadali m'kakabati. Ba Mwanaima akuti ndiikemo lalanje lawo. Ndathokoza, koma lalanje silingakuuzeni chifukwa chake.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Thupi 36 ndi theka. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera osapumira. Pilisi lachisanu, lomaliza, ndamwa m'mawa. Ba Mwanaima anaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Wamaliza sukulu." Ba Kunda amvetsera chifuwa, akuti mpweya wayamba kulowa bwino kumanja. Akuti kutsokomola ndi kutopa zingatsale masabata angapo, ndisadabwe, ndipo mankhwala apitiriza kugwira ntchito m'thupi masiku ena ngakhale ndamaliza. Mwina anditulutsa Lolemba akaonanso magazi.

Alamu afika masana, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Abwera ndi vitumbuwa m'pepala, poti bakuli lili kuno. Asanakhale pansi anafunsa, "Waika?"

Ndinati, "Ayi, alamu. Ndamwa onse."

Ndi koyamba kunena ayi mokweza chotero. Anandiyang'ana ngati ndasanduka munthu wina.

Ndinafunsa za inu. Akuti masiku awiri awa mukugona chokhala pa mpando, chifukwa mukagona chagada mpweya umatha. Akuti patapata sakulowanso kuphazi. Ndinafunsa ngati mukumwa kapilisi ka madzi.

"Baleka kuchokera pa Sande. Bakamba ati chimbuzi chili m'madzi, sibangakwanise kuyenda-yendako."

Azakhali, Lamlungu ndi tsiku limene ine ndinagona osadzuka, osakupatsani mapilisi. Chimbudzi chathu ndikuchidziwa mvula ikagwa. Sindikukuimbani mlandu. Koma mukanandiuza, ndikanapempha alamu akuikireni ndowa kuchipinda monga tinachitira chaka chatha.

Ba Kunda anali asanatuluke m'wodi. Ndinadzuka ndekha n'kuwatsatira, popanda supuni ya ba Mwanaima. Ndinawauza zonse. Anasiya kulemba n'kunena kuti, "Abwere lero, asadikire mawa. Asamwe mapilisi a munthu wina, ndipo awo amene anadumpha asawamwe onse pamodzi. Abwere tiwaone."

Alamu akuti akhala akukuuzani za kuchipatala kuyambira Lachitatu, inu mukuti mukudikira bakuli la Tiwo. Ndiye bakuli ndi ili.

Alamu awaimbira ba Blackson ku ntchito ku mafakitale, avomera kupempha kuti aweruke msanga. Akuti abwereka wilibala kwa aneba kuti akudutsitseni pamadzi mpaka pa msewu waukulu, pamenepo mukwere galimoto. Ndikudziwa kuti mukana, muti anthu a mumpingo akuonani mutakwera wilibala ngati thumba la makala. Fundani chitenje kumutu. Inu munandibereka kumbuyo ndili ndi milomo yotupa ngati bakha, anthu akuseka, ndipo simunawayang'ane. Mapilisi anu onse ali m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati, pamodzi ndi khadi la ku kiliniki. Muwatenge onse.

Ba Mwanaima akuti ndikuuzeni kuti bedi la kumanzere kwawo latsala lopanda munthu, ndipo akufuna mnzawo wodziwa kucheza chifukwa ine ndimayankha ndi mutu. Akuti mukabwera mudzakangane za Dedza ndi Mangochi. Mwina sadzakugonekani n'komwe, mwina adzangokuyezani n'kukusinthirani mankhwala. Koma adziwe ndi iwo.

Alamu aima pakhomo, akuti mitambo yayambanso kuda, ndiye ndilekeza apa. Ndawonjezera kapepala pamwamba kuti musadzidzimuke.

Chimene munapempha sindinakupatseni, ndipo mtima ukundipweteka. Koma bakuli silinabwere lopanda kanthu. Mapepala ndawapinda kanayi ndi kuwapanikiza bwino, ndaligwedeza pafupi ndi khutu, silikulira.

Ndiyankheni msanga, Azakhali, lero lomwe. Musavutike kulemba kapena kuphika. Bedi langa ndi la pazenera loyang'ana kuchipata, ndipo ndikhala pomwepo mpaka ndione chitenje chanu.

Ndine mwana wanu,
Tiwo